Kusankha chikuku cha ana awiri opondana: khanda ndi mkulu wake

Chikuku cha ana awiri chimagulidwa ndi tepi yoyezera m'manja. Mtundu wa nsalu, dzina la kampani ndi kunyezimira kwa zitsulo zibwere pambuyo. Zinthu zimene zikalakwika ndalama zanu zalowa m'madzi ndi zitatu: pogona khanda, matayala, ndi kukula kwa chikukucho poyerekeza ndi makomo ndi njira zimene muzidutsa. Zikuku zambiri zimene zimafika kuno ku Kasungu, zatsopano ndi za pakaunjika zomwe, anazipangira misewu ya tala ndi simenti yosalala ya m'mashopu akuluakulu. Kuno mukangosiya M1 n'kulowa m'tinjira ta ku Chankhanga kapena ku Chitete mwaponda mchenga, ndipo chikuku chosankhidwa ndi maso okha chimathera kuseri kwa chitseko chikusunga zovala zakuda.

Yambani ndi miyezi ndi makilogalamu

Werengani kusiyana kwa misinkhu ya ana anu. Ngati wamkulu sanakwanitse chaka ndi theka pamene mng'ono wake akubadwa, chikuku cha awiri chikugwirirani ntchito zaka 2 kapena kuposa, ndipo kuchitayira ndalama n'koyenera. Akakhala wa zaka 2 kapena 2 ndi theka, yembekezerani chaka chimodzi chokha. Ikatha nthawi imeneyo azikana kukwera, mpando aziufuna pobwerera basi, miyendo italema. Wa zaka 3 musamugulire mpando. Chikuku cha mwana mmodzi cha matayala abwino chikukwanirani: wamkulu akamayenda khanda ligone m'chikuku, akatopa akwere iye, khanda lilowe m'chitenje. Njira imeneyi ndi yotsika mtengo ndipo imadutsa paliponse.

Kenako tsegulani buku la kusikelo la wamkuluyo muone kulemera kwake komaliza. Pa matchati a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, mwana wa zaka 2 amalemera pafupifupi makilogalamu 12, wa zaka 3 pafupifupi 14, wa zaka 4 pafupifupi 16. Mpando uliwonse uli ndi malire ake, olembedwa pa kansalu kosokedwa kumbuyo kwa mpandowo kapena pa sitika yomatidwa pa felemu chakumatayala akumbuyo. Zikuku za ku Ulaya zimalembedwa EN 1888. Mukaona EN 1888 yokha kapena EN 1888-1, mpando umanyamula mpaka makilogalamu 15. EN 1888-2 ndi mpaka 22. Za ku America zimalembedwa ASTM F833 ndipo kulemera amakulemba m'mapaundi. Gawani ndi 2.2: 40 lb ndi makilogalamu 18, 50 lb ndi pafupifupi 23. Mwana amene lero ali pa 13 afika pa 15 pakangotha chaka, choncho mufunireni mpando wa 22. Onetsetsaninso kuti nambalayo ndi ya mpando umodzi. Zikuku zina zimalemba kulemera kwa ana onse awiri pamodzi, zina mpando wakutsogolo ndi wakumbuyo malire ake ndi osiyana.

Phatikizani tsopano zimene muzikankha. Chikuku chenichenicho makilogalamu 12 mpaka 17, wamkulu 12, khanda 4, chikwama cha matewera ndi madzi akumwa 3. Tsiku loyamba lomwe mwadutsa kale 30, ndipo pakatha chaka mukhala muli cha m'ma 40, kungoperewera pang'ono pa thumba la feteleza. Mayi amene abereka kudzera opaleshoni asanyamule chikuku chotere kukweza pakhonde kapena m'galimoto masabata 6 oyambirira. Ngati pakhomo palibe wina woti azichinyamula, nkhani ya kulemerayi ikhale pamwamba posankha.

Yezani njira yanu musanayeze chikuku

Bwerekani tepi kwa telala kapena kalipentala. Yezani khomo lakutsogolo chitseko chili chotsegula, kuchokera pankhope ya chitseko kufika pa felemu ya mbali inayo. Zitseko zambiri za nyumba zamakono ndi za masentimita 81, koma zikatsegulidwa mpata wotsala umachepa ndi masentimita 4 kapena 5, ndipo za kuchipinda ndi za nyumba zalendi nthawi zambiri n'zopapatiza kuposa pamenepo. Yezaninso kageti ka mpanda ndi kamlatho ka pangalande kotulukira kumsewu. Kamlatho kameneka anthu amakaiwala, chonsecho ngati ndi ka matabwa awiri kapena simenti yopapatiza, tayala limodzi liziyandama mumlengalenga tsiku lililonse.

Amene muli ndi galimoto yezani buti: mulifupi mwake pakati pa zotumphuka za matayala, kuya kwake ndi msinkhu wake. Mu Sienta chikuku cha awiri chimalowa mukapinda mipando yakumbuyo. Mu Passo, Vitz kapena Mira zambiri zimakana pokhapokha mutagulula matayala. Amene mumadalira minibasi dziwiranitu kuti kondakitala achiwerenga ngati katundu wolipira, ndipo pa kabaza sichikwera. Chikuku cha awiri ndi cha maulendo a pansi: kusikelo, kutchalitchi, kumsika, kokasiya wamkulu ku sukulu ya mkaka. Lembani nambala zonsezi pa pepala limodzi mupite nalo.

Mitundu yake

Mtundu woyamba ndi wa mipando yoyandikana, ana kukhala phewa ndi phewa. Mulifupi mwake ndi masentimita 72 mpaka 82. Ndi waufupi, sugwa chagada msanga, umakwera pa chitunda cha m'mbali mwa msewu mosavuta, ndipo ana onse mumawafikira mofanana. Vuto lake ndi makomo ndi tinjira ta mumsika. Linanso ndi lakuti mbali ya mwana wolemera imakoka, ndiye dzanja limodzi limagwira ntchito kuposa linzake. Pa chikuku cha matayala abwino kukokako n'kochepa, pa chotchipa mumafika kunyumba phewa likuwawa. Mukasankha mtundu uwu, mpando uliwonse uzigonekedwa pawokha ndipo ukhale ndi kadenga kake. Chokhala ndi msana umodzi wa ana onse awiri ndi cha mapasa, inu sichikuthandizani.

Wachiwiri ndi wa mipando yotsatizana, wina kutsogolo wina kumbuyo. Mulifupi ndi ngati cha mwana mmodzi, masentimita 55 mpaka 65, choncho khomo lililonse chimalowa. Koma ndi chachitali, nthawi zambiri kupitirira mita imodzi ndi masentimita 10, ndipo mwana wolemera amakhala kutsogolo, kutali ndi manja anu. Kuti mukweze matayala akutsogolo pa chitunda muyenera kutsamira chogwirira ndi thupi lonse. Kukhota n'kovuta, mumchenga ndiye osanena. Pa zambiri za mtundu uwu mpando wogonekeka mpaka pansi ndi wakumbuyo wokha, ndipo ndi umene uli wa khanda.

Palinso za matayala atatu akuluakulu zimene mpando wachiwiri umakolekedwa pansi, kumbuyo kwa woyamba, ngati za kampani ya phil&teds ya ku New Zealand. Zimayenda bwino m'njira zafumbi ndipo n'zopapatiza. Khanda likadali laling'ono limagona mumpando waukulu, wachiwiri uja n'kumangidwa pamwamba chakutsogolo kuti akhalepo wamkulu, likakula amasinthana. Chimene sitikonda n'chakuti mwana wapansiyo amakhala pafupi ndi nthaka, fumbi lonse la Seputembala n'lake, ndipo zala zake zili pafupi ndi matayala. Musagule ngati zotchinga matayala akumbuyo zinathyoka kapena palibe.

Zokhala ndi kabenchi ndi popondera kumbuyo, zimene wamkulu amasankha kukhala kapena kuimirira, zimayenera mwana wa zaka 2 ndi theka kupita m'tsogolo amene amamva akauzidwa. Thabwa la timatayala lokolekera kumbuyo kwa chikuku cha mwana mmodzi nalo ndi la kuyambira zaka 2 mpaka makilogalamu 20, koma timatayala take timatitimira mumchenga. Lisiyeni likhale la ku Lilongwe.

Ife tikanati tisankhire banja lokhala kutali ndi tala, tikanatenga cha mipando yoyandikana cha matayala akuluakulu, bola chilowe pageti. M'nyumba chikhoza kumalowa chopindidwa.

Pogona khanda

Apa ndiye musanyengerere. Mwana wosakwana miyezi 6 khosi lake silinalimbe, mutu ndi wolemera, ndipo njira ya mpweya ndi yopapatiza. Mukamukhazika motsamira, mutu umagwera kutsogolo, chibwano n'kugunda pachifuwa, mpweya n'kuyamba kuvuta kudutsa. Mwana wotere salira, amangooneka ngati wagona tulo tabwino. N'chifukwa chake khanda liyenera kugona chagada pamalo athyathyathya ndi olimba mpaka litayamba kukhala lokha.

Gonekani mpando mpaka pamapeto muuyang'ane cha m'mbali, maso anu ali pamsinkhu wa mpandowo. Muyezo wa EN 1888 umalola mpando kutchedwa woyenera mwana wongobadwa kumene ngati ukugonekeka mpaka madigiri 150, koma funani wofika pafupi ndi 180, woti msana ndi pokhalira zikhale ngati mzere umodzi. Kanikizani msanawo ndi chikhatho. Mkati muyenera kumveka thabwa lolimba. Ngati ndi nsalu yokhayokha yolendewera, mwana azipindika ngakhale mpando utagonekedwa. Samalani ndi mipando ija yoti yonse imapendekeka pamodzi osatambasuka: mwana amagona miyendo ili m'mwamba ngati akadali pampando, ndipo imeneyo ndi ya kuyambira miyezi 6. Onaninso kumutu. Mpando ukagonekedwa, kumtunda kwake kukhale kotchingidwa ndi nsalu kapena neti yolimba kuti khanda lisatsetserekere kunja chakumbuyo.

Chabwino koposa ndi kabedi kochotseka kamene kamakolekedwa pa felemu m'malo mwa mpando. Kamanyamula mpaka makilogalamu 9, kapena mpaka mwana atayamba kudzitembenuza ndi kudzuka ndi manja. Matiresi ake akhale olimba, okwana bwino, osasiya mpata wolowa zala ziwiri m'mbali. Musaonjezere pilo, siponji kapena bulangete lopinda pansi pa mwana. Pa kaunjika kabedi ndi felemu nthawi zina zimakhala za makampani osiyana zongophatikizidwa. Kakolekeni, mumve loko akugwira mbali zonse ziwiri, kenako nyamulani kabediko ndi chogwirira chake. Felemu iyenera kunyamuka nako. Kakaguluka, kapena ngati wogulitsa akuti mudzamangirira ndi chingwe, chokanipo.

Ogulitsa ena amakuonetsani mpando wa m'galimoto wokolekera pa chikuku n'kumati ndiwo malo a khanda. Mpando umenewo ndi wopindika, ntchito yake ndi kuteteza pa ngozi ya galimoto, ndipo malangizo amene amaperekedwa ndi akuti mwana asakhalemo kupitirira maola 2 nthawi imodzi, wa masabata ochepa ndiye nthawi yocheperapo. Pamzere wa kusikelo ku chipatala cha boma maola 2 sachedwa kutha. Mwana wobadwa masiku asanakwane kapena wosafika makilogalamu 2.5 malo ake ndi pachifuwa, pa kangaru, mpaka a chipatala atanena kuti wakhwima. Chikuku chidikire.

Matayala

Gwadani muwagwire. Alipo a mitundu itatu. Oyamba ndi timatayala ta pulasitiki tokhala tiwiritiwiri, ta mainchesi 5 kapena 6. Pa simenti timathamanga, mumchenga timakumba dzenje, pamiyala timagwedeza mutu wa khanda. Timeneti tisakunyengeni ngakhale chikukucho chikhale chopepuka ndi chotchipa bwanji. Achiwiri ndi a labala kapena siponji yolimba, opanda mpweya. Saphulika, ndipo akakhala a mainchesi 8 kutsogolo ndi 10 kapena 12 kumbuyo amayenda ndithu panjira yafumbi yolimba. Akaperepeseka sakonzeka, ndiye pa chakale onani ngati sanadyeke mbali imodzi kapena kung'ambika. Achitatu ndi a mpweya, ngati a njinga. Ndi amene amayandama pamchenga ndi kumeza mabampu, ndipo pa katundu wa makilogalamu 40 kusiyana kwake mumakumva m'mikono.

Ubwino wina wa a mpweya kuno ndi wakuti okonza njinga ali pangodya iliyonse. Werengani nambala yolembedwa m'mbali mwa tayala. 12½ x 2¼ ndi 16 x 1.75 ndi masaizi a njinga za ana, machubu ake amapezeka m'mashopu a zipangizo za njinga. A mainchesi 10 ndi osowa, choncho mukagula chikuku chotere itanitsiranitu machubu awiri apadera. Onani valavu. Zikuku zambiri zili ndi valavu yonenepa ngati ya galimoto ndi njinga yamoto, pamene njinga zambiri za kabaza zili ndi yamtundu wina, ndiye pampu ya wokonza njinga ikhoza kukana. Gulani pampu yanu ya manja yokwana valavuyo. Pa malimu a pulasitiki valavu imakhala yokhota kuti pampu ifikepo. Mukagula chubu cha valavu yowongoka chilowa, koma kupopa kwake mulira nako. Mphamvu ya mpweya yalembedwa pa tayala pomwepo, musapitirire, ndipo musapope ndi makina a pa filing'i siteshoni. Kachubu kakang'ono kamadzaza m'kanthawi kochepa ndipo limu la pulasitiki limang'ambika. Kuopa minga, wokonza njinga akhoza kudula chubu chakale n'kuchiyala mkati mwa tayala ngati chotchinga.

Matayala akutsogolo azizungulira mbali zonse, komanso akhale ndi loko wowaimitsa kuti aloze kutsogolo kokha. Pa simenti ndi mumsika masulani, mumchenga ndi pamiyala kiyani, apo ayi amapotokera m'mbali n'kuima. Nyamulani mbali imodzi ya chikuku muzunguze tayala lililonse ndi dzanja. Lizungulire mwakachetechete kwa kanthawi. Likamalira ngati muli mchenga, ma bearing atha, koma amenewo amasinthika. Ligwedezeni chauku ndi chauko: kugwedera pang'ono n'kwabwinobwino, kugwedera kwambiri ndiye kuti bowo la pulasitiki lakula kapena ekiselo yapindika, ndipo zimenezo zilibe mankhwala. Kankhani chikuku chopanda kanthu pamalo osalala n'kuchisiya. Chikakhotera mbali imodzi, felemu inapotoka.

Kuyesa musanapereke ndalama

Pitani ndi wamkuluyo, ndipo m'malo mwa khanda tengani mapaketi 4 a shuga kapena chigubu cha malita 5 cha madzi. Wogulitsa wokana kuti muyese ali ndi chimene akubisa.

Tsegulani ndi kupinda chikukucho nokha katatu, ana ali patali. Chikatseguka loko wa mbali zonse ziwiri agwire yekha. Tsamirani chogwirira mwamphamvu, kankhirani kutsogolo ndi kukokera kumbuyo: chisasonyeze n'komwe kuti chikufuna kupindika. Yang'anitsitsani mahinjesi a pulasitiki pamene chimapindikira. Mng'alu ngakhale waung'ono, kapena pulasitiki yoyera ngati yaphulusa chifukwa cha dzuwa, ndi chizindikiro chakuti tsiku lina chidzathyoka ana ali momwemo. Onaninso ngati pa hinjesi pali mpata wolowa chala cha mwana. Mu Novembala 2009 kampani ya Maclaren inachenjeza ogula za vuto la zikuku zake pafupifupi 1 miliyoni ku America ana 12 ataduka nsonga za zala pamahinjesi, ndipo inagawa nsalu zovundikira malowo. Zikuku za zaka zimenezo zikhoza kupezeka m'kaunjika zopanda nsaluzo.

Tengani kamaginito. Kakamata pa felemu ndiye kuti ndi yachitsulo, yolemera koma yoti wowotcherera wa pamsika akhoza kulumikiza. Kakakana ndi aluminiyamu, yopepuka, yosachita dzimbiri, koma ikathyoka makina wamba owotcherera saigwira. Fufuzani dzimbiri pansi pa mipando ndi pamaliveti, ndipo pamene pali waya kapena msomali m'malo mwa liveti dziwani kuti chinathyokapo kale.

Mabuleki yesani ana ndi katundu ali momwemo, pamalo otsetsereka. Pondani, siyani chogwirira dzanja lili pafupi, kenako kankhani pang'ono. Matayala onse awiri akumbuyo agwire. Mabuleki ambiri ndi kachitsulo kolowa m'mano a pulasitiki a kuseri kwa tayala. Suzumirani muone ngati mano ena sanabenthuke. Opondera pamodzi mbali zonse ndi abwino kuposa a tayala lililonse palokha, chifukwa mukatanganidwa ndi ana awiri mudzaponda amodzi n'kuiwala enawo, chikuku n'kuzungulira. Yesaninso kuwamasula mutavala masilipasi. Ena amafuna kukwezedwa ndi pamwamba pa phazi ndipo amasupula zala.

Malamba akhale asanu pampando uliwonse: awiri a m'mapewa, awiri a m'chiuno, mmodzi wa pakati pa miyendo, onse kukumana pa chomangira chimodzi. Wa pakati pa miyendoyu ndi amene amaletsa mwana kutsetserekera pansi pa chitsulo chopingasa kutsogolo. Mu Okutobala 2010 kampani ya Graco inachenjeza ogula za vuto la zikuku zake zakale pafupifupi 2 miliyoni makanda 4 atamwalira pakati pa 2003 ndi 2005. Anali osamangidwa, thupi linadutsa pampata wa pansi pa thireyi, mutu n'kukodwa. Mangani ndi kumasula chomangiracho kangapo, kokani mwamphamvu, ndipo mupatseni wamkuluyo ayese kumasula. Akatha, chimenecho si chanu. Malamba a m'mapewa azitha kutsitsidwa kufika pamapewa a khanda. Telala akhoza kusoka basiketi, kadenga ndi nsalu ya mpando, koma lamba woduka kapena chomangira chosweka musalowetse za chikwama cha sukulu, sizinapangidwire kugwira mwana.

Mkhazikeni wamkulu muone mutu wake. Pakati pa mutu ndi kadenga patsale mpata wa zala zinayi, mapazi afike popondera. Pa cha mipando yotsatizana gonekani mpando wakutsogolo muone ngati sukugwera pamiyendo ya wakumbuyo. Kenako kankhani mamita 50 panjira yeniyeni yafumbi, mukhote, mukwere kachitunda. Bambo nawo akankheko. Munthu wamtali mapazi ake amagunda ekiselo yakumbuyo ngati chogwirira n'chachifupi.

Pomaliza nunkhizani nsalu ndi kutembenuza misoko. Madontho akuda a chuku sachoka bwinobwino ndipo si abwino pamalo opumira khanda. M'misoko ndi mmene mumabisala nsikidzi.

Mukamagula patali

Pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp amalemba kuti double pram kapena double stroller. Pemphani chithunzi cha sitika ya pa felemu, vidiyo ya kupinda ndi kutsegula, chithunzi cha mpando utagonekedwa chojambulidwa m'mbali, ndi china tepi itayalidwa kuchokera kunja kwa tayala lina lakumbuyo kufika kunja kwa linzake. Lembani pa intaneti dzina ndi nambala ya chikukucho pamodzi ndi mawu akuti recall, muone ngati kampani yake sinalengezepo kuti chili ndi vuto loopsa; buku lake la malangizo nalo limapezeka pomwepo. Musatumize ndalama zonse pa Airtel Money kapena Mpamba wachibale wanu wa ku Lilongwe asanachigwire ndi manja. Amene mukutumiziridwa kuchokera ku Johannesburg uzani wotumizayo aikemo machubu, neti ndi pulasitiki ya mvula, chifukwa za chikuku cha awiri kuno n'zosowa.

Masiku oyamba panjira

Pondani mabuleki musanakweze kapena kutsitsa mwana aliyense. Pa cha mipando yotsatizana, makamaka chija cha mpando wapansi, kwezani wakutsogolo poyamba, potsitsa yambani ndi wakumbuyo. Wakutsogolo ndi amene amachigwira kuti chisagwe chagada. Apa ndi pamene chikwama chokoleka pa chogwirira chimapweteketsa: wamkulu akangodumpha, kulemera konse kwatsala kumbuyo, chikuku chimadzuka n'kugwa, mutu wa khanda uli pansi. Katundu aikidwe mubasiketi ya pansi, ndipo zambiri malire ake ndi makilogalamu 2 mpaka 5. Ufa ndi makala zipeze njira ina.

Mangani ana onse ulendo uliwonse, ngakhale wa pagolosale. Lamba athine moti pakati pa iye ndi chifuwa cha mwana mulowe zala ziwiri zokha. Wamkulu asamakwere chikuku ngati mtengo, ngakhale chili pakhonde. Mu Febuluwale 2023 bungwe loona za chitetezo cha katundu ku America, CPSC, linachenjeza za zikuku za Baby Trend Sit N' Stand mwana wa miyezi 14 atamwalira khosi litapanikizika pakati pa kachitsulo ka kadenga kakutsogolo ndi potsamiritsa mkono pa mpando. Chikuku chikakhala chosagwira ntchito chipindeni muchiike poti ana sachifika.

Dzuwa la Okutobala ndi Novembala likafika, dzanja limathamangira chitenje kuti muphimbe chikuku chonse. Musatero. Nsalu imatseka mphepo, mkatimo mumatentha kuposa kunja, ndiponso khandalo simukuliona. Gwiritsani ntchito kadenga, ndipo ngati n'kochepa mangani chitenje pamwamba ndi mbali ya dzuwa yokha ndi mapegisi, kutsogolo ndi mbali inayo kukhale kotsegula. Yendani m'mawa kapena dzuwa litapendeka, ndipo pisani dzanja kukhosi kwa mwana chakumbuyo kuti mumve ngati watentha. Pulasitiki ya mvula ndi ya nthawi imene mvula ikugwa basi, ikakata chotsani. Madzulo kolekani neti ya udzudzu yokwana chikuku chonse, yokungika, yosagwera kumaso kwa khanda.

M'mbali mwa M1 yendani kudzanja lamanja, moyang'anizana ndi magalimoto akubwera. Podikira kuwoloka musaime chikuku chili kutsogolo kwanu, chifukwa inu mukadali pambali mwana wakutsogolo ali kale mumsewu, njinga zamoto zikudutsa. Chiimikeni chopingasa pambali panu, mukaona kuti kwayera ndiye mutembenuze. Matani tepi yonyezimira ija ya njinga pa felemu mbali zonse. Mukatitimira mumchenga musalimbane n'kukankha, tembenukani muchikoke chafutambuyo, matayala akuluakulu atsogole. Potsika chitunda chachitali chitaninso chimodzimodzi. Pamasitepe tsitsani ana.

Kuchisamala

Fumbi la kuno likasakanikirana ndi girisi limasanduka phala lodya pulasitiki ndi chitsulo. Sabata iliyonse gululani matayala, pukutani ekiselo ndi kansalu kouma, chotsani ulusi ndi tsitsi la mesh zimene zimakulungika pamenepo. Ngati mukufuna chofewetsa, mankhwala opopera a silicone ndiwo abwino chifukwa sagwira fumbi. Oilo wa galimoto ndi mafuta ophikira ayi. Nyengo ya mvula tsukani matope tsiku lomwelo ndi kuumitsa chikuku chili chotsegula, mukachipinda chonyowa chuku sichichedwa. Nsalu chapani ndi sopo wamba, malamba muwapukute ndi madzi a sopo osawaviika mu jiki, amafooketsa ulusi. Chisungeni m'nyumba, kutali ndi dzuwa limene limaumitsa pulasitiki ndi makoswe amene amakonda siponji ya pa chogwirira. Mwezi uliwonse mangitsani manati, popani matayala onse mofanana, ndipo yesaninso mabuleki pamalo otsetsereka aja. Tayala limodzi likachepa mpweya chikuku chimakokera mbali imeneyo, ndiye musanaganize kuti felemu yapotoka yambani mwapopa.